Padi Yokana Kukhotera Kumanja

Tiwonge anatsika minibasi pa Biwi atakumbatira katoni pachifuwa ngati mwana wakhanda. Mkatimo munali chinthu chimene anachilakalaka chaka chonse: kachipangizo kolumikiza kuseri kwa TV, kodzaza ndi magemu, pamodzi ndi mapadi awiri ogwira m'manja posewera. Sitolo ina ku Malangalanga inkachotsa katundu wokhalitsa pa theka la mtengo, ndipo amayi ake, amene anamulonjeza mphatso atakhoza mayeso a Fomu 2, anati mwayi wake ndi womwewu.

Anali atauza kale anzake awiri a kusukulu, Fiona ndi Aliya, kuti abwere Loweruka masana adzasewere. Koma atangolowa m'nyumba, chisangalalo chija chinazilala. Pampando woyang'anizana ndi TV panali bambo ake, monga masiku onse.

Bambo akewo, a Msiska, anali mmisiri wodziwika wokonza mawailesi ndi ma TV ku Mchesi. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo anagwa ali pantchito, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Kuchokera pamenepo dzanja lawo lamanja linapindika, mwendo unkakwakwaza pansi, pakamwa panapotoka moti malovu ankatsika okha. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Chiyambire matendawo, Tiwonge anali asanaitanepo mnzake aliyense kunyumba.

"Wa... gula... chi..." anayamba bambowo, maso ali pakatoni.

"Eya, Adada, ndagula," anayankha Tiwonge osadikira kuti amalize, n'kupitirira kukhitchini.

Anapeza amayi ake akusadzula nkhwani. Anaima pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Amama, mawa anzanga akabwera, Adada sangakakhaleko kuchipinda? Kanthawi kochepa chabe."

Amayiwo anasiya nkhwaniwo, n'kumuyang'ana. "Akulakwira chiyani?"

"Sanandilakwire. Koma Fiona mukumudziwa pakamwa pake. Pofika Lolemba sukulu yonse idzakhala itamva."

"TV imene ukufuna kusewererapoyo anaitola yakufa, n'kuidzutsa ndi manja awo," anatero amayiwo.

Nyumbayo inalibe siling'i, ndipo mawu a kukhitchini ankadumpha khoma mosavuta. Zimenezi Tiwonge sanaziganizire.

Kutacha, amayi ake anapita kukathandiza kuphika ku ukwati wa kutchalitchi. Tiwonge atamaliza kukolopa, anaona kuti mpando uja unali wopanda munthu. Ndodo ya bambo ake panalibe, ndipo chitseko cha kuchipinda chinali chotseka. Palibe amene anawauza. Anapita okha. Mtsikanayo anapumira m'mwamba, koma mpweyawo sunam'pepuze mtima monga ankayembekezera.

Analumikiza kachipangizo kaja, ndipo TV inadzaza ndi mitundu yowala. Anasankha gemu ya mpikisano wa magalimoto. Padi yoyamba inkamvera bwinobwino. Atagwira yachiwiri, galimoto inkakhotera kumanzere kokha. Akadina batani lakumanja, ziii. Anasintha mabatire, anaigwedeza, anaiuzira mpweya, anaimenyetsa pantchafu. Galimoto inkangozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa.

Anakumbukira chikwangwani cha m'sitolo muja: katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa. Anthu atatu, padi imodzi, pambuyo podzitama sabata yonse. Anaponya padiyo pasofa, misozi ili lengelenge.

Kuchipinda kunamveka kugogoda kwa ndodo pansi, katatu.

"Ti... wo."

Analowa monyinyirika. Bambo ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, kansalu kopukutira pakamwa kali paphewa.

"Bwe... ra... nayo."

"Yawonongeka, Adada. Palibe chimene..."

Bambowo anakweza dzanja lamanzere kumuletsa, kenako n'kuloza pansi pa bedi. Tiwonge anagwada, nakoka bokosi lachitsulo lodzaza fumbi. Linali la zida zawo za ntchito, ndipo linali lisanatsegulidwepo chibwerere kuchipatala. Fungo la mtovu wowotcherera mawaya linamukumbutsa masiku amene ankapita ku Mchesi akaweruka kusukulu, n'kumakhala pa TV yakufa akudya chinangwa chokazinga, bambo ake akuimba nyimbo za Chitumbuka chapansipansi.

Anakatenga padi ija. Bambo ake anaigadamiza pabondo lawo, n'kuipanikiza ndi dzanja lamanzere.

"Si... kulu... ya... ing'ono. Yo... fiira."

Tiwonge anatola sikuludiraiva yoyamba imene anaiona. Bambowo anapukusa mutu. Anatola ina, anapukusanso. Apo m'pamene anazindikira kuti sanamvetsere mpaka kumapeto. Anati yofiira. Anaipeza pakona pa bokosilo, ndipo inakwanira ndendende.

Kuyambira pamenepo anayamba kudikira. Liwu lililonse linkatenga nthawi, monga madzi a pampopi tsiku limene akubwera mochepa, koma likafika linali lolondola. Masula sikulu zisanu. Ika m'chivindikiro kuti zisasowe. Usakoke, pali waya. Padiyo itatseguka, bambowo anaweramira pafupi, maso awo akuyenda mofulumira ngati kale. Analoza kalabala kakuda kamene kanali pansi pa batani lakumanja. Pamalo pamene kankagunda panali litsiro lobiriwira.

"Ya... khali... tsa... m'si... tolo. Chi... nyezi."

Anamuuza kuti anyowetse kathonje ndi sipiriti, apukute pang'onopang'ono. Kenako anamutuma pensulo ya kusukulu, kuti adetse nayo kalabalako mpaka kang'anime. Tiwonge anaseka.

"Pensulo, Adada? Zoona?"

Mbali imodzi ya nkhope yawo inamwetulira. Pamene ankawerama kuti aone bwino, dontho la malovu linayamba kutsikira kupadi yotsegulayo. Dzanja lawo labwino linali litagwira padi. Tiwonge anatenga kansalu paphewa pawo, nawapukuta pachibwano, n'kupitiriza ntchito. Anazindikira zimene wachita atabwezera kale sikulu yachiwiri.

Atamanga yomaliza, bambowo anam'patsa padiyo.

"Pi... ta. A... nzako... afika." Anapuma pang'ono. "U... tseke... chi... tseko."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati munthu amene akukumbutsa mwana kuti atenge ambulera. Tiwonge anaima pakhomo, padi ili m'manja. Tsopano anadziwa kuti bambo ake anamva zonse za dzulo. Anamva, ndipo m'mawa anadzikoka okha ndi ndodo kuchoka pampando wawo, kenako n'kumukonzeranso chidole choti asangalatse nacho anthu amene iye ankafuna kuwabisira bambo ake.

Chitsekocho sanachitseke. Anabwerera, n'kutola ndodo ija.

"Mmisiri sapereka katundu asanamuyese," anatero Tiwonge. "Munkatero nokha. Ndipo gemuyi imafuna anthu awiri."

Bambowo anamuyang'ana. Kenako anatambasula mkono, ndipo Tiwonge analowetsa phewa lake kunsi kwake. Kuchokera kuchipinda kufika pabalaza panali mapazi khumi okha, koma anayenda ngati akuwoloka mtsinje.

Atawakhazika pampando wawo, anawaikira padi yokonzedwayo pamiyendo. Chala chamanzere chinkawongolera. Batani lothamangitsira linali kumanja, choncho Tiwonge anatenga dzanja lopindika lija, nalitsamiritsa pamenepo kuti kulemera kwake kuzidina. Mpikisano unayamba. Galimoto yofiira ya a Msiska inanyamuka mwaukali, inakhotera kumanja bwinobwino, n'kukawomba khoma. Inabwerera, n'kukawombanso lina.

M'chifuwa mwa bambowo munatuluka phokoso lachilendo. Tiwonge anatembenuka mwamantha, poganiza kuti atsamwa. Ankaseka. Mapewa ankagwedezeka, misozi ikutsika tsaya limodzi. Mtsikanayo anali ataiwala kamvekedwe ka kuseka kwawo, ndipo nayenso anaseka mpaka galimoto yake inagwera m'ngalande.

"Odi kuno!"

Anali mawu a Fiona panja. Kuseka kwa a Msiska kunaduka. Dzanja lawo linayamba kufufuza ndodo m'mbali mwa mpando. Tiwonge anaigwira msanga, naiimika kuseri kwa sofa.

"Khalani, Adada. Mpikisano sunathe."

Anakatsegula chitseko. Atsikana awiriwo analowa akulongolola, koma ataona bambowo anakhala chete. Aliya anapinda mawondo, n'kupereka moni mwaulemu. Fiona anayang'ana pakamwa pawo, kenako dzanja lija, kenako pansi.

"Awa ndi adada anga," anatero Tiwonge. "Anadwala sitiroko, ndiye amalankhula pang'onopang'ono. Muziwadikira. Padi iyi inabwera yakufa, ndipo ndi iwowa amene aikonza."

A Msiska anapukusa mutu, milomo ikulimbana ndi liwu. Palibe amene anawathandiza, palibenso amene anayang'ana kumbali.

"Ta... i... konza," anatero pomaliza, akuloza mwana wawo ndi chibwano.

Fiona anakhala pansi pang'onopang'ono m'mphepete mwa sofa. Anatulutsa foni yake m'thumba, naitembenuzatembenuza m'manja.

"Bambo," anatero mwamanyazi, "foni yangayi sikumveka bwino ndikamaimba. Mungaione?"

Bambowo anapereka padi kwa Aliya, n'kutambasula dzanja lamanzere kulandira foniyo. Anaiyang'ana uku ndi uku, kenako anadzutsa maso kwa Tiwonge.

"Bo... ko... si."

Tiwonge ananyamuka kukalitenga.