Mpando wa a Ndau m'Sitolo ya Ulusi

Kodi mungathe kulota chimene adzukulu anapeza pamanda a Bambo Fredrick Ndau ku Ntcheu, m'mawa wina mvula itachezera kugwa? Si nkhata ya maluwa ayi. Si chithumwanso. Muziganizira pamene ndikufotokoza, pakuti nkhaniyi inayambira kutali, ku Etobicoke, dera la m'dziko lozizira kutsidya kwa nyanja, ndipo ndi yoona. Mboni zilipo. Mayi Hilda, mkazi wa malemuyo, akadali moyo. Mayi Regina, mlongo wa malemuyo, ndi namwino ku Hamilton, munthu wosakonda zopeka, ndipo zambiri anaziona ndi maso awo.

Mayi Hilda ankagwira ntchito m'kasitolo kogulitsa ulusi wolukira majuzi, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndege zikamatsika, magalasi ankanjenjemera pang'ono, koma anthu anazolowera. Chimene chinatchukitsa kasitoloko si ulusi wokha ayi, koma ziweto. Anthu a m'deralo akamayendetsa agalu awo madzulo ankalowa kudzawotha, ena osagula kalikonse. Pakhomo panali mbale ya madzi ndi botolo la mabisiketi a agalu. Panali galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wokonda kugona pa basiketi ya ulusi wotsika mtengo. Panali tiagalu tiwiri toyera tokangana tsiku lililonse. Panalinso mphaka wa Mayi Olga, gogo wa ku Ukraine, mphaka amene ankabwera m'chikwama ndipo ankakanda aliyense womuyandikira.

Poyamba Bambo Ndau zimenezi zinkawaseketsa.

"Galu kuvala juzi?" ankatero. "Kwathu galu amagona pa phulusa, n'kumathokoza. Awa tsiku lina adzatipempha foni."

Koma mnansi wina atapita kukakhala kunyumba ya okalamba, anasiya kagalu kake, kakafupi, konenepa, kotsimphina mwendo wakumbuyo. Mayi Hilda anakatenga nati kangokhala masiku ochepa. A Ndau anakayang'ana, napukusa mutu.

"Aka si galu aka. Ndi mphonda yokhala ndi miyendo."

Dzinalo linakhala lomwelo. Mwezi usanathe, Mphonda anali akugona pa mapazi awo. Chisanu chitafika, anali a Ndau omwewo amene anati, "Amayi a Tiyanjane, mnzangayu mungomuyang'ana akunjenjemera?" Mayi Hilda analuka kajuzi kobiriwira. Ulusi wobiriwirawo unawathera panjira, ndiye khosi anamalizira ndi wofiira, ndipo bowo limodzi analikulitsa kuti mwendo wolumala uzilowa bwino.

A Ndau atapuma pantchito ya m'nyumba zosungira katundu, madzulo alionse ankabwera ndi Mphonda kudzatenga mkazi wawo. Ankakhala pa mpando wathabwa pafupi ndi hita. Ulusi wina umabwera wosakulunga, ndipo pamafunika munthu woukoleka m'manja awiri pamene wina akuukulunga ngati mpira. Imeneyo inali ntchito yawo: kutambasula manja, kupendekera uku, kupendekera uko, kwinaku akufotokoza za ng'ombe zimene ankaweta ali mwana. M'thumba la jekete lawo simunkasowa usipa wouma umene abale ankawabweretsera kuchokera kumudzi. Ankadula mutu n'kuponyera galu, thupi n'kudya okha. Agalu onse anasiya mabisiketi. Ankakhala mozungulira mpandowo ngati ana a Sande sukulu, ndipo ngakhale mphaka wa Mayi Olga ankagona pa miyendo yawo osakanda.

A Ndau anamwalira ndi matenda a mtima chisanu chikungoyamba. Amalawi anzawo anasonkhana, maliro anatumizidwa kumudzi monga iwo ankafunira. Mayi Hilda anapita kukaika, nabwerako, nayambanso ntchito. Mphonda ankapita naye kusitolo, chifukwa kunyumba akanakhala ndi yani?

Kuno m'chisanu mdima umagwa anthu asanaweruke. Tsiku lina, nthawi yotseka itayandikira, belu la pakhomo linalira. Mayi Hilda anadzutsa mutu. Chitseko chinali chotseka. Panja panalibe munthu, chipale chofewa chokha chikugwa pansi pa nyali za mumsewu.

Mphonda anadzuka. Anatsimphina mpaka pakhomo akugwedeza mchira, natembenuka, nayenda pang'onopang'ono ngati akutsatira mapazi a munthu, mpaka pa mpando uja. Galu wamkulu anasiya basiketi yake. Tiagalu tiwiri tinaleka kukangana. Onse anakhala mozungulira mpando wopanda munthu, maso m'mwamba, malovu ali chuchuchu.

Kenako fungo linafika. Usipa wouma.

Mphaka anatuluka m'chikwama, nalumphira pa mpando, nayamba kudzikhula pa chinthu chosaoneka. Mayi Olga anachita chizindikiro cha mtanda, nanong'ona m'Chingerezi kuti, "Ndi iwo, eti?"

Mayi Hilda sanachite mantha. Mtima wawo unadzaza ngati tsiku limene anakumana nawo koyamba pa siteji ya basi ku Balaka. Anthu atapita, anatenga ulusi wosakulunga naukoleka pa tsamiro la mpandowo. Atayamba kukulunga, ulusiwo unapendekera uku. Unapendekeranso uko. Sunakodwe n'kamodzi komwe.

"Mwaswera bwanji, a Ndau?" anafunsa motsitsa mawu.

Kuyambira tsikulo belu linkalira madzulo alionse, ndipo Mayi Hilda anayamba kuchedwa kutseka. Ankawauza nkhani za kutchalitchi, za mwana wawo Tiyanjane amene ali ku Oshawa, za mtengo wa tomato. Sanauze m'bale aliyense.

Zinthu zinayamba kusintha chisanu chitafika pachimake. Mphonda anasiya kudya. Madzulo ankakwera pa mpando n'kudzipinda ngati akufuna kufunditsa wina. Mayi Hilda atagwira thabwalo, linali lozizira ngati chitsulo cha panja, chonsecho hita ikutentha pambali pomwepo. Agalu ankabwerabe, koma michira inaleka kugwedezeka. Ankangolira chapansipansi. Ndege ikadutsa n'kusiya bata, pankamveka phokoso laling'ono.

Fuu. Fuu.

Ngati munthu akuuzira m'manja.

Mayi Regina anatulukira Loweruka lina kudzaona mlamu wawo, ndipo nthawi yotseka inawapeza momwemo. Anamva belu. Anaona agalu. Anamva fungo. Anadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka.

"Alamu, zayamba liti izi?"

"Nditangobwerako."

"Ndiye muli phee?"

"Salakwira munthu. Amangokhala."

Mayi Regina anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. "Pamene maliro ankanyamuka, anawauza ndani?"

"Kuwauza chiyani?"

"Kuti akupita kumudzi. Kwathu mumadziwa, galimoto isananyamuke wamkulu amagogoda bokosi n'kunena kuti uje, tiyeni, tikupita nanu kwanu. Pamtsinje uliwonse amawauza kuti tikuwoloka. Inu munatero?"

Mayi Hilda anakumbukira. A kunyumba yokonza maliro anatenga bokosi ndi galimoto yawo, nakalisiya kumalo a katundu wa ndege, kumene achibale saloledwa kulowa. Mayi Hilda anakwera ndege ina tsiku lotsatira. Mayi Regina anali atatsogola kukakonza za kumudzi. Aliyense ankayesa kuti wina wanena.

"Anangowashipa ngati katundu," anatero Mayi Regina, misozi ikulengeza. "Ife takwirira thupi ku Ntcheu, eni ake atsala kuno. Sakudziwa kuti ulendo unachitika."

"Alamu, asiyeni. Madzulo okha, kanthawi kochepa. Ndatsala ndi chiyani ine?"

"Mlongo wanga ankadana ndi chisanu ali moyo, atavala majekete awiri. Lero avala chiyani?"

Fuu. Fuu.

Onse awiri anamva. Mphonda anabuula pa mpando paja, nthiti zikuonekera pansi pa kajuzi kake.

Mayi Hilda anaika mpira wa ulusi pa tebulo. Anayang'ana m'sitolo monse, mashelefu a mitundumitundu, mbale ya madzi, pansi pamene miyendo ya mpando inaperesa. Anadziwa kuti akatsegula pakamwa, belu lija silidzaliranso. Anamanga chitenje pamwamba pa chikhotho chawo. Anagwada patsogolo pa mpandowo monga ankachitira ali mtsikana, nagogoda pa thabwa.

"Bambo a Tiyanjane. A Ndau. Pepani, tinakuiwalani. Dzukani, tizipita kumudzi."

Mpando unalira, kwee, monga umalirira munthu akadzuka.

Mayi Regina anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto yawo nadikira pang'ono. Mphonda, amene kwa masiku ambiri ankakwera chilichonse movutikira, analumphira mkati yekha. Anagona pa mpando wakumbuyo, mutu uli m'mwamba pang'ono, ngati wautsamiritsa pa ntchafu.

Ananyamuka kulowera ku bwalo la ndege. Magalasi akumbuyo anachita nkhungu, akutsogolo ayi. Atafika pa mlatho wa kamtsinje ka Mimico, Mayi Regina anachepetsa liwiro.

"Nenani, alamu."

"A Ndau, tikuwoloka mtsinje. Musatsale."

Fungo la usipa linadzaza m'galimoto.

Anaima pambali pa msewu, pafupi ndi mpanda wa waya, pamene ndege zimaoneka zikunyamuka. Mayi Hilda anatuluka natsegula chitseko chakumbuyo. Mphepo inali yoluma. Anawauza a Ndau njira yonse osadumpha: kuti adzawoloka nyanja yaikulu, kuti akatsika ku Lilongwe, kuti akawoloka Linthipe, akadutsa Dedza, ndipo akaona mapiri a kwawo. Anawauza kuti amayi awo ndi abambo awo agona pafupi ndi manda awowo, ndipo kumeneko ndi dzinja, chimanga chikumasula.

"Pitani bwino. Ine ndidzakupezani."

Ndege ina inabangula, inanyamuka, nyali zake zinalowa m'mitambo. Bata linabwerera. Fungo linatha.

"Alamu," anaitana Mayi Regina. Mawu awo anali apansipansi. "Bwerani muone."

Mphonda anali atagona chammbali, maso otseka, mchira uli tambalala. Sankapuma. Thupi lake linali lofundabe. Koma linali lopanda chovala. Anafufuza pansi pa mipando. Anafufuza panja ndi tochi ya foni. Pa chipale panali mapazi a anthu awiri okha.

Lolemba Mayi Hilda anatsegula sitolo monga mwa masiku onse. Madzulo agalu anabwera. Ananunkhiza mpando uja, nautembenukira msana, napita ku botolo la mabisiketi. Mphaka anakanda Mayi Olga pa dzanja. Belu linkalira pokhapokha munthu akalowa. Mayi Hilda anagwira thabwa lija, ndipo linali lofunda. Anakhalapo, nalira kwa nthawi yoyamba chibwerere kuchokera kumudzi.

Ali pomwepo foni inalira. Anali a Howard, mng'ono wa malemu, akuimba kuchokera ku Ntcheu. Anati m'mudzimo mwagwa maliro ena, ndipo adzukulu popita kukakumba m'mawa anadutsa pamanda a achimwene. Matope onse ozungulira anali ndi mapazi a galu, atatu ozama, limodzi longokhudza. Pamwamba pa mtumbira panali kanthu kouma bwinobwino, chonsecho mvula inagwa usiku wonse.

"Adzukulu akuopa kukagwira, alamu. Akuti ndi kovala ka mwana, koma mabowo ake sakumveka. Ndakutumizirani chithunzi. Mwina inu mukadziwa."

Mayi Hilda anapukuta maso, natsegula chithunzicho.

Kanali kajuzi ka Mphonda, kobiriwira, kofiira m'khosi.