Diresi Lachikasu

Anakumana pasiteji ya basi, tsiku lina mvula ikuwaza. Mtsikanayo anali telala, ndipo ankachokera kokapereka zovala za kasitomala. Anavala diresi lachikasu losoka yekha. Polisoka ulusi wachikasu unamuthera, ndiye m'munsi anangomalizira ndi woyera. M'khosi munali mukadali tepi yoyezera imene anaiwala kusiya kushopu.

"Achemwali, tepiyo mwabwera kudzatiyeza mitima kodi?" anatero mnyamata wina, uku akumusendezera ambulera.

Anali wokonza mafoni, ndipo kashopu kake kanali pafupi ndi sitejiyo. Pakamwa pake, ee, panali pothira shuga! Basi isanafike n'komwe anali atamupatsa kale dzina loti Kansungwi, chifukwa mtsikanayo anali wowonda, wamtali, wowongoka bwino.

Kuyambira pamenepo foni ya Kansungwi sinkapuma.

"Kansungwi kanga, wadzuka bwanji? Dzuwa latuluka, koma kwa ine kukadali mdima mpaka undiyankhe."

"Kaya kugwe chiyani, ine sindisuntha. Ndiwe wanga mpaka kale."

Nanga ndani sakanakhulupirira?

Kenaka zinthu zinatembenuka. Tulo tinamuthawa Kansungwi. Anayamba kumva mawu a anthu amene panalibe, akumunena pamwamba pa phokoso la makina osokera. Mkulu wake anapita naye kuchipatala, ndipo anagonekedwa. Adokotala anati ndi matenda a maganizo, namupatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse.

Mapiritsiwo anagwira ntchito. Mawu aja anakhala chete, tulo tinabwerera, ndipo iye anakhalanso pamakina ake.

Koma mapiritsiwo anabweranso ndi njala. Njala yake yosamva! Akangotsuka mbale, mimba inkafunsa zina. Pansi pa makina panadzaza mabisiketi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Masiketi anayamba kukana. Iye amene ankamasula misoko ya makasitomala anayamba kumasula yake, mpaka kansalu kotsalira mkati kanatha.

"Ii, atelala, mwanenepatu! Kapena pali kanthu kakubwera?" ankatero makasitomala.

Iye ankangoseka ndi mano okha. Anzake amene ankabwera kudzacheza masana anazimiririka mmodzimmodzi atamva wodi imene anagonamo. Pa nthawi ya nkhomaliro ankatsala yekha ndi makina.

Tsiku lina masana Wamafoni anabwera kunyumba. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka maso ake anagwa pa diresi lachikasu limene linali kuseri kwa chitseko.

"Diresi ili ndikakusungira kwathu, duwa langa. Tsiku limene lidzakukwanenso, ndidzakuveka mphete. Ndalumbira!"

Analipinda bwinobwino. Ali pakhomo anatembenuka.

"Komanso mapiritsiwa, si wachira kale? Ungowasiya. Ndi amene akundibera Kansungwi kanga."

Mawuwo anamukhala pamtima ngati mwala. Asiye mankhwala, mawu oopsa aja abwerere? Kapena apitirize kumwa, mphete imudutse?

Adokotala ataona mmene thupi linkakwerera, anamutumiza kwa katswiri wa zakudya. Anali mayi wa magalasi, wosachedwa kuseka. M'kachipinda kake munali sikelo pakona, ndipo patebulo panali mbale ndi zipatso zapulasitiki.

"Mayi, ndisankhireni chimodzi," anatero Kansungwi asanakhale n'komwe. "Ndisiye kudya kapena ndisiye mankhwala?"

"Zonse ziwiri ayi, mwanangu. Takhala kaye pansi."

Misozi inali itayamba kale.

"Njala imeneyi si kususuka," anatero mayiwo. "Ndi mankhwalawo, ndipo amawachita choncho anthu ambiri. Koma ukawasiya pawekha, matenda akhoza kubwerera ndi ukali. Za mankhwala tikambirana ndi adokotala, aone ngati pali posintha. Ine gawo langa ndi mbale iyi."

Anayendetsa chala pakati pa mbaleyo.

"Theka lonseli masamba. Kotsalaku ugawe pawiri, uku nyemba, dzira kapena nsomba, uku mpunga kapena mbatata. M'mawa usamachoke ndi mimba yopanda kanthu. Nanga pansi pa makina umabisapo chiyani?"

Kansungwi anazyolika. "Mabisiketi."

"Ndinadziwa! Achokepo amenewo, pabwere botolo la madzi ndi chipatso. Chenicheni, osati zangazi, ungathyole mano."

Kansungwi anaseka kuchokera pansi pa mtima, koyamba chitulukire m'chipatala.

"Ndiye ndiwonda liti, mayi?"

"Pang'onopang'ono. Ndisakunamize, mwina sudzabwerera pomwe unali. Chimene tikuteteza ndi mtima wako ndi shuga wa m'magazi. Komanso uziyenda. Ukaweruka usamakwerere basi pakhomo pa shopu, uziyenda kaye mpaka siteji ya patsogolo. Alipo wokuperekeza?"

"Alipo," anayankha, maso ali pa foni imene inali zii.

Atatuluka analemba uthenga: "Wanga, tiziyendera limodzi madzulo? Ndekha ndikuchita manyazi."

Yankho linafika mawa lake. "Ntchito yandipanikiza, mtima wanga. Limbikira, diresi likukudikira."

Choncho ankayenda yekha. Ankadutsa mashopu akutsekedwa, ndi anthu oyenda awiriawiri atagwirana manja, iye atangogwira botolo la madzi. Kusungulumwa kunkamupweteka kuposa miyendo. Komabe sanasiye. Wefuwefu anachepa, ndipo siteji imene ankakwererapo inkanka nitalikira.

"Taona!" anatero mayi wa zakudya tsiku lina, akuwomba m'manja. "Sikelo inaima, lero yayamba kutsika. Wagwira ntchito, mwanangu."

Mwachimwemwe anadzijambula n'kutumiza chithunzi kwa Wamafoni.

"Bwanji zikuchedwa chonchi? Ukumwabe aja eti? Ndiye kuti ine sundikonda."

Sundikonda? Iye amene ankameza mate podutsa pa shopu ya buledi chifukwa cha munthu yemweyu?

M'mawa mwake anatenga piritsi, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analikulunga m'kachidutswa ka nsalu n'kuliponya m'chikwama.

"Wamwa mankhwala?" anafunsa mkulu wake ali kukhitchini.

"Ndamwa, achemwali."

Tsiku lonse mtima unali m'mwamba. Makina akalira, ankatchera khutu mwamantha kuti mwina mawu aja abwerera. Ataweruka anaganiza zoyenda mpaka kushopu ya Wamafoni. Miyendo tsopano inkatha mtunda wotero. Ankafuna akamuuze pamaso kuti, "Ndasiya, wanga. Ndasankha iwe."

Mvula inayamba kuwaza akuyandikira siteji ija. Ali chapatali anaona chinthu chachikasu pansi pa ambulera.

Madiresi achikasu ndi ambiri, anadziuza. Koma telala saiwala msoko wake. M'munsi mwa diresilo munkaoneka ulusi woyera.

Analivala mtsikana wina wowonda, wamtali. Amene anagwira ambulera anali Wamafoni, ndipo Kansungwi atayandikira anamva ndi makutu ake.

"Kaya kugwe chiyani, Kansungwi kanga, ine sindisuntha."

Mayo ine! Ngakhale dzina lomwe?

Wamafoni atamuona, ambulera inapendekeka.

"Ndani ameneyu? Bwanji akutiyang'ana chonchi?" anafunsa mtsikana uja.

"Aa, ndi telala winawake," anayankha motsitsa mawu, koma osati mokwanira. "Mutu wake suyenda bwino. Usamuwerengere."

Kansungwi anamva ngati wina wamubaya ndi singano pakati pa chifuwa. Ankafuna kukuwa, kung'amba diresilo kuyambira m'khosi mpaka pansi. Koma mtsikanayo analakwanji? Nayenso ankangomwa shuga yemwe uja.

"Lakukhalani, achemwali," anatero. "Kungoti pochapa musamafinye kwambiri. Ulusi wa m'munsiwo ndi wosalimba."

Kenaka anayang'ana Wamafoni.

"Mutu wanga ukuyenda bwinobwino. Ndiye umafuna ndiutaye chifukwa cha diresi lomwe unapereka kale?"



Kansungwi anawoloka msewu n'kukaima pakhonde la shopu yotseka. Analira mpaka mapewa kugwedezeka, ndipo panalibe womugwira dzanja. Atatopa, anapisa m'chikwama, namasula kansalu kaja. Piritsi linali momwemo. Analiika pa lilime, natsegula botolo lake la madzi, n'kumeza.

Basi inaima patsogolo pake.

"Tiyeni, mayi, malo alipo!" anakuwa kondakitala.

Anapukuta m'maso ndi kansalu komweko.

"Pitani, achimwene. Ine ndiyenda."