Chikope cha Duwa

Walter, mlonda wa ku Chileka, ndiye anayamba kuona kuti nkhope ya mkazi wake Duwa inkasintha dzuwa likamalowa. Chikope chakumanzere chinkagwa pang'onopang'ono, chinzake n'kutsatira, ndipo akati amwetulire, milomo inkapindika ngati akumunyogodola. Koma kukacha Duwa ankadzuka bwinobwino, n'kumaseka ndi Greyson, wakabaza wa njinga yamoto amene ankamunyamula popita kuchipatala.

Kuchipatalako ankafika m'mawa, mphamvu zilipo. Anamuyeza malungo, shuga, magazi, osapeza kanthu. Dokotala wina anati ndi maganizo chabe. Kwawo kwa Duwa ku Lirangwe ankanong'onezana kuti afiti amamukwera usiku. Walter sankazimva zimenezo. Mumtima ankati ndi matenda anji osankha anthu, kwa Greyson kuseka, kwa mwamuna wake kutsinzina.

Anayamba kugona khutu lili tcheru. Mumdima mawu a Duwa ankatulukira m'mphuno, ngati mkazi wina akulankhulira mumtsuko. Tsiku lina madzi amene ankamwa anabwerera m'mphuno, khosi n'kugwera pachifuwa. Mawa lake anamuona pakabaza paja atakhala mowongoka, akugwira Greyson paphewa.

Ndiye kunabwera usiku umene magetsi anazima. Walter anadzidzimuka ndi kaphokoso konga ka madzi akutsika m'botolo, kakuchokera pakhosi pa mkazi wake. Atasendeza khutu, anamva kunong'ona.

"Greyson... muitaneni Greyson."

Anadzuka, natenga foni, n'kukaima pakhomo la kuchipinda. Sanaimbe. Dzina lija linkamutentha m'chifuwa. Kutali agalu ankauwa, malata ankathetheka ndi kuzizira, mpweya wa Duwa ukufupikirafupikira. Anaimabe. Kaphokoso kaja katasiya, m'nyumba monse muli zii, m'pamene chala chake chinadina foni.

Greyson atafika, anamutengera Duwa kuchipatala chachikulu m'tauni atamuika pakati pawo panjinga yamoto, mutu uli lendelende paphewa la Walter. Anamuika pamakina opumira. Atayamba kupeza bwino, dokotala wina wamkazi anamuona madzulo koyamba, zikope zitagwa. Anaika ayisi pachikope kwa kanthawi, diso n'kutseguka. Anati matendawo ndi myasthenia gravis, ofooketsa minofu munthu akamaigwiritsa ntchito, mphamvu n'kubwerera akapuma. N'chifukwa chake onse omuona m'mawa sankapeza kanthu. Anatinso akanachedwa naye pang'ono, akanamutaya.

Duwa anabwerera ku Chileka ndi mankhwala, ndipo ankachira. Walter sanauze munthu za pakhomo paja. Madzulo ena Duwa akupinda zovala pabedi, analankhula motsitsa mawu, osamuyang'ana.

"Bambo, usiku uja maso okha ndi amene anali otseka. Ndinkakumvani mukupuma pakhomo paja."

Walter anadikira kuti apitirize. Duwa anangotenga malaya a yunifomu a mwamuna wakeyo, n'kuyamba kuwapinda bwinobwino.