Mfuti Yosakankha ya Wendell

Chinayamba kudabwitsa Wendell ndi mtsinje. Madzi ankathamangabe pamiyala, thovu lili mbuu, koma mkokomo wake unali utazimirira.

Chaka chimenecho anabwera kudzasaka mphalapala zikuluzikulu za m'nkhalango za Alaska phewa likumupweteka, poti mfuti yake yaikulu inkakankha ngati bulu. Ndiye anamangitsa kukamwa kwake kachitsulo kobowolabowola kochepetsa kukankhako. Mng'ono wake Curtis, amene anabwera naye kosakako, anamuchenjeza kuti, "Achimwene, kameneko kamapulumutsa phewa n'kudya makutu." Koma nyama ikatulukira, ndani amakumbuka zotseka m'makutu? Anawomba atatsamira thanthwe, phokoso lonse n'kumubwerera. Mphalapala inagwa, phewa lili bwinobwino.

Usiku umenewo m'tenti munangoti zii. Nkhuni zinkayaka osathetheka. Mphepo inkagwedeza chinsalu mwakachetechete, ndipo mkati mwa mutu wake munkalira kamluzu kamodzi kosatha. Curtis akamayankhula, Wendell ankangoyang'ana milomo n'kumagwedeza mutu. Kuvomera kuti mwana uja ananena zoona? Aa, munthu wamakani ngati ameneyo!

Kutacha anapeza mwendo wa nyama umene anaupachika pamtengo utasowa, pansi pali mapazi a chimbalangondo. Usiku wotsatira nthiti zinapitanso.

Tsiku linalo kutada, Curtis anatenga tochi n'kuweramira pafupi ndi nkhope ya mkulu wakeyo. "Ndikakweze nyama yotsalayo m'mwamba. Mukamva ndikukuwa, mutuluke ndi mfuti yanu yaulemuyo. Mwamva, akulu?"

Wendell anatolapo mawu awiri okha, nyama ndi mfuti.

"Ndamva," anatero.

Anakhala tsonga mumdima, mfuti ili pamiyendo, akutchera makutu ake akufawo. Mantha anamugwira, koma manyazi ndiwo anamukhazika pansi. Nthawi ina anamva nthaka ikunjenjemera kumapazi, chingwe cha tenti n'kukokeka, kenako n'kuleka. Anadziuza kuti ndi mphepo. Chikanakhala choopsa, mwanayo akanakuwa. Anadikira kukuwako mpaka tulo tinamuba.

M'mawa bedi la Curtis linali lozizira. Panja tochi inali pansi ikuyakabe, chipale chofewa chitapondedwapondedwa, magazi ali nyezinyezi. Mkwekwe wa munthu wokwawa unachokera kumtengo wa nyama mpaka pakhomo pa tenti penipeni, pamene zala zinakanda pansi, kenako unabwereranso m'tchire, wokokedwa.

Wendell anakuwa dzina la mng'ono wake mpaka kukhosi kunawawa. Kenako anaima n'kudikira yankho, akudziwa kuti ngakhale Curtis atayankha, iye samumva.