Wotchi Yotsalira ya Paphiri

Lachitatu masana, makina oyeza zivomezi a paphiri anangoti zii. Apolisi atakwerako anapeza loko wothyoka, mabatire ndi sola palibe. Makinawo anali atalemba okha nthawi imene anazima: 11:20.

"Nthawi imeneyo unali pantchito," wapolisi wamkulu anauza mlonda wa makinawo. "Tiye."

"Bwana, ndachoka 12 koloko kukalandira mankhwala, ngati Lachitatu lililonse. Ndasiya zonse zili bwinobwino!"

Anagona m'chitokosi.

M'mawa mwake mayi woyang'anira makinawo ku ofesi anatsegula kompyuta. Iye ankadziwa kuti wotchi nayo imanama. Lolemba ophwanya miyala anaphulitsa thanthwe, ndipo masiteshoni ena onse oyeza zivomezi analemba 10 koloko. Ya paphiri yokha inalemba 9:10. Chiigwere mphezi, wotchi yake inkatsalira ndi mphindi makumi asanu. Ndiye kuti makina anazima 12:10, mlonda ali kale panjira yopita kuchipatala.

Kenako anakulitsa mizere yomaliza imene makinawo anajambula asanazime. Makina amenewa amamva ngakhale mapazi a munthu. Phazi lina loponda, lina lokoka. Loponda, lokoka.

Mapaziwo anawazindikira. Woyenda choncho ndi mwamuna wake, amene anamanga siteshoniyo asanachotsedwe ntchito, n'kuchoka pakhomo ndi kachikwama osatsanzika. Zaka zitatu mayiyu ankatchera khutu pakhonde kuti amve mapazi amenewo. Ankamusowa kwambiri. Nsapato zimene anasiya ankazipukutabe Loweruka lililonse, ngati nsapato zimaitana mwini wake. Lero mapaziwo abwera, koma kuphiri.

Akanangokhala chete, akanadziwa ndani? Koma pakhomo pa ofesi panali mkazi wa mlonda, mwana kumsana, nayenso akudikira wake.

Anatenga mapepala n'kupita kupolisi.

"Munthuyu mukumudziwa, mayi?" anafunsa wapolisi ataona mizere ya mapazi aja.

"Ndi bambo a mwana wanga. Ali ndi mnzawo wokonza mawayilesi kumsika. Mukayambire kumeneko."

Lachisanu 3 koloko apolisi anamugwira kuseri kwa shopu ya mnzakeyo, atakhalira batire limodzi. Mlonda anatulutsidwa.

Mayiyu anali pabenchi ya kupolisi pamene anamva mapazi aja akubwera. Loponda, lokoka. Munthu wake anali atawonda, kumapazi mapatapata oduka.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa mwamunayo, maso pansi.

"Amafunsa za inu tsiku lililonse."

"Tiye," anatero wapolisi.

Atafika kunyumba, mayiyu anatenga nsapato zija, n'kuzipukuta, n'kuziika m'jumbo. Lolemba kukhoti asakaime ndi mapatapata.