Katoni ya Duane

Marlys ankapukuta fumbi pa timabuku ta zithunzi ta amalume ake pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, n'kumatilowetsa m'timatumba ta pulasitiki. Ntchitoyo payokha sinali yochedwetsa. Chinkamuchedwetsa n'chakuti kabuku kalikonse ankayamba wakawerenga asanakamate.

Amalumewo, a Vern, anali ndi sitolo ya mabuku oterewa kale, mgodi wa chitsulo usanatsekedwe. Sitoloyo itagwa, makatoni onse anatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yawo. Iwo sanawerengepo ngakhale kamodzi. Ankati buku likangotsegulidwa latsika mtengo, ndipo akamupeza mtsikanayo ataweramira tsamba ankamuseka kuti nsomba za pansi pa madzi oundana zimalankhula kumuposa. Marlys ankangoti chabwino.

Nyengo yozizira yonse anakhala akuwerenga za mizukwa, za nyumba zolira ndi za manda otseguka okha. Tsiku limenelo anafika pa katoni ya pakona, yolembedwa dzina lakuti Duane. Munali nkhani imodzi yotuluka mwezi ndi mwezi, ya mayi wofunafuna mwana wake m'tauni imene inamira pomanga damu. Anaiwerenga osadzuka. Kabuku komaliza kanathera pamene mayiyo wagwira chitseko cha tchalitchi cha pansi pa madzi, mkatimo mukumveka kulira kwa mwana. Kotsatira panalibe.

Anakwera kukafunsa. A Vern, maso ali pa masewero a hoke, mpira wa ndodo wa pa madzi oundana, pa wailesi yakanema, anati kampani yosindikiza timabukuto inagwa ndipo nkhaniyo palibe anaimaliza. Zomuperekeza pa galimoto anati aiwale. Iwo anali atamwa kale, ndipo iye miyendo anali nayo.

Anatuluka nyali za m'nyumba zambiri zitazima. Chipale chofewa chinali chitaleka kugwa, koma kuzizira kunkaluma mano. Njira ya kwawo inkadutsa pa nyumba za anthu a mu mgodi zimene zinatsala zopanda eni, kenako pa mlatho wodumpha njanji. Ankamva nsapato zake zokha, kwacha, kwacha.

Pakati pa mlathopo panali munthu atatsamira chitsulo. Anali mnyamata wa msinkhu wake, wovala kajekete kopyapyala, mutu uli pamtunda.

"Chemwali, mukuchokera kwa a Vern?" anafunsa mwaulemu. "Kabuku kaja kafika?"

Marlys anaweramitsa mutu n'kupitirira. Mnyamatayo anayamba kuyenda pambali pake.

"Anati ndibwere Lachitatu. Lero ndi Lachitatu, eti?"

Linalidi Lachitatu, tsiku limene mabuku atsopano ankafika m'masitolo. Koma sitolo ya a Vern inatsekedwa iye akukwawa. Anayang'ana cham'mbali. M'kamwa mwa iye mwini munkatuluka nthunzi yoyera chifukwa cha kuzizira. M'kamwa mwa mnyamatayo... ayi. Anamvetsera. Kwacha, kwacha. Nsapato zinali zake zokha!

"Inu mwawerenga," anatero mnyamatayo, mawu ali pafupi ndi khutu. "Zala zanu zikununkha mapepala anga. Watsegula chitsekocho? Wamupeza mwanayo?"

Yankho Marlys anali nalo. Lilime linakana.

"Ndadikira, chemwali. Kuno kumazizira..."

Marlys anatembenuka kuti amuone bwino. Nkhope inalipo mbali imodzi. Mbali inayo inali yophwanyika ngati chitini chopondedwa, chipale chitadzaza mmene munali diso!

Anathawa. Kwawo kunali kutsidya, ndiye anabwerera kumene anachokera. Anagwa, nadzuka, nagwanso. Kumbuyo kunalibe mapazi omutsatira. Kunali mawu okha, odekha, opanda mkwiyo.

"Ndibwerenso Lachitatu?"

A Vern atatsegula chitseko anayamba ndi kuseka. Anati si uyo, mabuku aja amulowa m'mutu, waona chitsa n'kuchipatsa moni. Marlys anafotokoza modukizadukiza za kajekete, za mlatho, za funso la mwana uja. Kuseka kunatha. A Vern anakazimitsa wailesi ija n'kukhala pansi.

Anati ameneyo ndi Duane Kivela, mwana wa munthu wa mu mgodi. Bambo ake ankaotcha mabuku oterewa kuti ndi a Satana, ndiye mnyamatayo akagula ankawerengera m'sitolo momwemo n'kuwasiya kuti amusungire. Anamwalira Marlys asanabadwe. Chigalimoto chokankha chipale chinamugunda pa mlatho pomwepo, usiku wa mphepo yamkuntho, akuchokera kusitolo chimanjamanja.

Marlys anafunsa chapansipansi ngati iwo ankadziwa kuti kabukuko sikadzabwera.

Ankadziwa. Anadziwa kalekale, nyengo yozizira isanayambe, masamba a mitengo asanayoyoke. Koma mnyamatayo akabwera sankachoka osagula kenakake, ndipo masiku amenewo ogula anali atayamba kuchepa. Akanamuuza zoona akanasiya kubwera. Ndiye Lachitatu lililonse ankamuuza kuti ayesenso sabata yamawa.

"Malonda ndi malonda, iwe," anatero a Vern, akugwedeza chitini cha mowa kuti amve ngati mwatsala kanthu. "Chigalimotocho sindinkayendetsa ndine. Gona pampando apo, upita kukacha. Ndipo usakauze mayi ako, angayambe zolira."

Marlys anaima pakhomo, chipale chikusungunuka pa nsapato zake n'kumanyowetsa kapeti. Anawayang'ana amalume akewo nthawi yaitali, mpaka iwo anayang'ana kumbali. Kenako anatambasula dzanja n'kuchotsa chijasi chawo pa msomali.

"Sindigona muno, Amalume," anatero. "Munthu uja akuzizidwa pa mlatho chifukwa cha bodza lanu. Ine wandifunsa, ndalephera kumuyankha, koma si ine ndinamuuza kuti abwere. Valani. Ndikuperekezani mpaka poyambira mlatho. Kumeneko mukamuuze nokha kuti mayi uja chitseko sanatsegule, ndipo sadzatsegula."