Odi wa Naomi ku France

Naomi anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku North York, m'dziko la Canada, m'nyumba yosanja. Ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aakazi.

M'mawa uliwonse Agogo ankaima pakhomo pa chipinda chake. Sankagogoda ayi. Ankangoti, "Odi!"

Naomi ankayankha m'Chingerezi. Agogo ankapukusa mutu.

"Iwe, kwathu munthu akati odi, timati odini."

Koma masiku ano Agogo sankamwetulira. Mchimwene wawo, a Medson, ankadwala kwambiri. A Medson anapita ku France kalekale kukagwira ntchito yophika. Zaka makumi atatu zinatha awiriwa osaonana. Naomi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Agogo aonane ndi mchimwene wawo.

Tsiku lina akazi a a Medson anatumiza uthenga pa foni. "Bwerani msanga," unatero uthengawo.

Agogo anamanga chitenje mwamphamvu. Anamukhazika Naomi pansi.

"Tamvera. Tikupita kudziko la eni. Ugwire chitenje changa, usasiye. Usalandire kanthu kwa munthu. Ndipo usakuwe. Wamva?"

"Ndamva, Agogo."

Naomi, Amayi ndi Agogo anakwera ndege pa bwalo la ndege la Pearson. Agogo anapemphera ulendo wonse. Anatsika mumzinda wa Marseille, ku France. Anakwera sitima. Kenako anakwera basi.

Basi inadutsa tauni yoyamba. Munali msika wa mavwende ndi adyo.

"Usasuzumire pawindo," anatero Agogo. "Mutu ndi umodzi."

Basi inadutsa tauni yachiwiri. Munali msika wa uchi ndi tchizi.

"Zonunkha choncho amadya anthu?" anafunsa Agogo. Amayi anaseka pang'ono. Agogo sanaseke.

Basi inaima m'tauni yachitatu. Kumeneku ndi kumene a Medson anasamukira atayamba kudwala. Linali tsiku la msika. Anthu anali pikitipikiti. Ana inu, msika si malo ochitirapo chibwana. Mwana amasowa ukangophethira. Naomi anagwira chitenje, osasiya.

Amayi anatulutsa foni kuti aone nambala ya nyumba. Foni inali itathima. Anatulutsa chaja. Analowa mu sitolo ya buledi kukapempha magetsi. Koma chaja ya ku Canada inakana kulowa pakhoma la ku France. Mabowo ake anali ena.

"Sungeni, mwana wanga, sunalembe papepala?" anafunsa Agogo.

"Ayi, Amayi. Zonse ndinaseva mu foni."

"Mayo ine! Ndinanena ine. Foni si m'bale wako."

Amayi anakumbukira chinthu chimodzi. Nyumbayo inali kuseri kwa msika. Anafunsa wogulitsa uchi. Sankawadziwa a Medson. Anafunsa wogulitsa nsalu. Nayenso sankawadziwa.

Belu la tchalitchi linalira. Inali nthawi ya nkhomaliro. Ogulitsa anayamba kulongedza. Masitolo anatseka. Anthu onse analowa m'nyumba kukadya.

Kuseri kwa msika kunali tinjira titatu. Nyumba zonse zinali zamiyala. Zitseko zinali zofanana. Mawindo anali otseka ndi matabwa. Kunali zii.

Agogo anakhala pa chikwama chawo. Miyendo inali itatupa. Misozi inatsika mwakachetechete.

"Ndawoloka nyanja yonse ija," anatero. "Achimwene ali pompano. Kodi ndibwerera osawaona?"

Naomi anayang'ana zitseko zija. Zinali zambiri. Sakanatha kugogoda zonse. Anaganiza za chitseko cha chipinda chake ku North York. Anaganiza za mawu a m'mawa uliwonse.

Anayang'ana Agogo. Anawakoka chitenje.

"Agogo, imirirani. Ine sindisiya chitenje. Koma ndikuwa."

Agogo anatsegula pakamwa kuti amuletse. Naomi anali atayamba kale.

"Odi! Odi kuno!"

M'kanjira koyamba munauwa galu basi.

"Anthu atiitanira apolisi," ananong'ona Agogo. Koma anayenda.

Analowa m'kanjira kachiwiri.

"Odi! Odi kuno!"

Mayi wina anatsegula windo. Anawayang'ana. Anatsekanso.

Naomi anachita mantha. Anagwira chitenje ndi manja awiri. Analowa m'kanjira kachitatu.

"Odiii!"

Zii.

Kenako kumbuyo kwake kunamveka mawu onjenjemera. Anali Agogo. Nawonso ankakuwa.

"Odi! Odi, achimwene!"

Anaima. Anamvetsera. Pamwamba, kuseri kwa windo lobiriwira, munthu anatsokomola. Mawu aang'ono, otopa, anatuluka.

"Odini."

Agogo anagwira pamtima. Chitseko chobiriwira chinatseguka. Amene anatsegula anali akazi a a Medson.

A Medson anali pabedi, pafupi ndi windo. Anali owonda kwambiri. Agogo anagwada pambali pa bedi. Anawagwira dzanja.

"Nambewe," anatero a Medson, kuwaitana Agogo ndi dzina la kwawo. "Ndimayesa ndikulota. M'dziko muno palibe anandiuzapo odi."

"Si ine ndinayamba, achimwene. Ndi mdzukulu wanuyu. Samva, ameneyu. Ndinamuuza kuti asakuwe."

A Medson anaseka mpaka kutsokomola. Naomi anagwada. Anawapatsa moni ndi manja awiri. Atayang'ana kumbali, anaona Agogo akumwetulira. Misozi inali idakali m'masaya.

Anakhala kumeneko masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse Agogo ankawaphikira a Medson phala. Tsiku lililonse awiriwa ankacheza za kwawo ku Dedza.

Kenako anabwerera ku North York. Amayi anagula kabuku kolembamo manambala. Agogo anakasunga okha m'chikwama.

M'mawa mwake Agogo anaima pakhomo pa chipinda cha Naomi.

"Odi!"

Naomi anadzuka msanga.

"Odini, Agogo. Lowani."